Chimene Chimaphulitsa Batire la Galimoto ndi la Thirakitala

Batire likaphulika limamveka ngati mfuti. Pamwamba pake pamasweka, zidutswa za pulasitiki zimauluka, ndipo asidi amamwazikira pa injini, pa boneti ndi kumaso kwa amene anaweramirapo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri pamakhaladi munthu woweramirapo, chifukwa batire limakonda kuphulika pamene wina akuligwira: akuchotsa tchaja, akulumikiza mawaya ojampira, kapena akusuzumira kuti aone ngati madzi alimo. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America la NHTSA linapeza kuti m'miyezi 12 yokha, pakati pa 1993 ndi 1994, anthu oposa 2,000 anathamangira nawo kuchipatala ataphulikiridwa batire la galimoto, ndipo ambiri mwa iwo anali pa ntchito ngati zomwezi.

Zikachitika, mwini galimoto amati langophulika lokha. Koma batire siliphulika popanda zinthu ziwiri kukumana: mpweya woyaka umene waunjikana, ndi kamoto kouyatsa. Mpweyawo umatenga maola, masabata kapena miyezi kuti uchuluke, ndipo umasiya zizindikiro. Kamotoko n'kamene kamabwera mwadzidzidzi.

Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté anapanga koyamba mu 1859, silinasinthe kwenikweni kagwiridwe kake ka ntchito. La 12V lili ndi zipinda 6, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1V, n'chifukwa chake lodzaza bwino limawerenga 12.6V. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi wa sulfuric, ndipo asidiyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Potchaja, magetsi olowa amabwezeretsa mphamvu m'mapuleti. Mapuleti akakhuta koma magetsi n'kumalowabe, magetsiwo amayamba kuphwanya madzi kukhala mipweya iwiri, haidrojeni ndi okosijeni. Uku ndi kuwira kumene mumamva mukayandikiza khutu pa batire limene lili pa tchaja. Kumayamba kukula chipinda chilichonse chikafika 2.4V, kutanthauza 14.4V pa batire lonse.

Kuchuluka kwa mpweyawu kumadabwitsa ambiri. Ampu imodzi yolowa m'batire lodzaza kale kwa ola limodzi imatulutsa pafupifupi malita 0.42 a haidrojeni m'chipinda chilichonse, amene ndi malita 2.5 pa zipinda zonse 6. Tchaja yosadzizimitsa yokha imene ikukankha maampu 10 m'batire lodzaza imatulutsa malita 25 pa ola. Ikasiyidwa usiku wonse, maola 10, ndi malita 250, ndipo batire limakhala litataya madzi okwana mamililita 200. Haidrojeni amayaka akangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya, mpaka 75 pa 100. Alibe fungo, alibe mtundu. Mphamvu yofunika kumuyatsa ndi yochepa kwambiri, pafupifupi 0.02 ya millijoule, yochepa kuposa kamoto kamene kamathetheka munthu akamavula juzi la nayiloni. Nsalu youma yopukutira pamwamba pa batire ikhoza kupanga kamoto kotere, choncho batire limapukutidwa ndi nsalu yonyowa.

Panja, haidrojeni amathawa msanga chifukwa ndi wopepuka nthawi 14 kuposa mpweya wamba. Vuto lili m'kati mwa batire, pampata wa pakati pa madzi ndi chivindikiro. Mmenemo haidrojeni ndi okosijeni amakhala pa muyezo wa magawo awiri kwa limodzi, muyezo umene umayaka mwaukali kuposa wina uliwonse. Moto ukayambira pa kabowo kopumira, umatsata mpweya n'kulowa m'kati, ndipo pulasitiki sangapirire. Mabatire ambiri amakono ali ndi kasefa kotchinga moto pa bowo lopumira, koma kasefako sikathandiza ngati zotsekera zachotsedwa, zasweka, kapena ngati kamotoko kayambira m'kati momwemo.

Apa m'pamene madzi ochepa amakhalira oopsa pawiri. Madzi akatsika, mpata wosungira mpweya umakula, ndiye kuphulika kumakhalanso kwamphamvu. Komanso nsonga za mapuleti ndi zitsulo za mtovu zolumikiza mapuletiwo zimatsala pamtunda, zimadyeka, zimapyapyala, zina zimachita mng'alu. Tsiku limene dalaivala adzapotokole kiyi, sitata imakoka maampu 150 mpaka 300 pa galimoto yaing'ono, ndipo pa injini yaikulu ya dizilo imatha kupitirira 500. Magetsi onsewo akamadutsa pa mng'alu, amalumpha n'kuthetheka m'kati mwa mpweya uja. Kuphulika kumene kumachitika pongoliza injini, palibe wagwira waya, kumakhala kotereku. Batire lotere limakhala litachenjeza kale: tsiku lina limaliza bwino, tsiku lina limangoti tcha, magetsi onse n'kuzima, kenako n'kubwerera lokha.

Madzi ayenera kukhala mamilimita 10 mpaka 15 pamwamba pa mapuleti, kapena pakati pa mizere iwiri ya pambali. Owonjezera ndi madzi a batire okha, opanda mchere aja (distilled water). Asidi sawonjezeredwa, chifukwa chimene chimatha ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Madzi wamba ali ndi mchere ndi zitsulo zimene zimawononga mapuleti. Ngati mapuleti ali pamtunda, thirani madzi ongokwanira kuwamiza musanatchaje, ndipo mudzadzaze mpaka pa mzere mukamaliza kutchaja, popeza madzi amafufuma batire likatentha.

Nanga n'chiyani chimachititsa batire kuwira pagalimoto imene ikuyenda? Choyamba kuchiyang'ana ndi regulator. Ntchito yake ndi kusunga magetsi a alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, pakati pa 13.8V ndi 14.4V, ngakhale magalimoto ena atsopano amakwera pang'ono kwa kanthawi. Ikawonongeka, magetsi amafika 15V, 16V kapena kuposerapo, ndipo batire limawira ulendo wonse. Mababu amapsa pafupipafupi, magetsi akutsogolo amawala kwambiri mukaponda mafuta, pamwamba pa batire pamanyowa, m'mbali mwake mumatupa, ndipo madzi amafuna kuwonjezera sabata iliyonse. Pakamveka fungo la mazira ovunda, ndiye kuti batire latentha mpaka likutulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, umene ndi wapoizoni komanso umayaka. Pamenepo zimitsani injini, tsegulani boneti mutayang'ana kumbali, ndipo musagwire waya uliwonse mpaka batire litazizira.

Palinso vuto lina lobisika kuposa ili, pamene alternator ili bwinobwino koma chipinda chimodzi chafa. Batire likamakalamba, tizidutswa ta mapuleti timayoyoka n'kuunjikana pansi ngati matope, mpaka matopewo amagunditsa mapuleti a + ndi a −. Chipindacho chimasanduka ngati waya chabe. Ndiye 14.4V imene inayenera kugawidwa pa zipinda 6 imagawidwa pa 5, chilichonse n'kulandira pafupifupi 2.9V, kutali kwambiri ndi malire a 2.4V aja. Zipinda zisanuzo zimawira kosalekeza, pamene mita yoyezera pa alternator ikusonyeza kuti zonse zili bwino. Chizindikiro chake n'chosavuta: batire litapuma kwa maola angapo limawerenga pafupifupi 10.5V. Poyerekeza, 12.4V ndi batire limene latsala ndi mphamvu pafupifupi 75 pa 100, 12.2V ndi theka, 12.0V ndi kotala. Amene ali ndi hydrometer, chipangizo choyezera kulemera kwa madzi a m'batire, aone chipinda chilichonse pachokha. Chodzaza chimawerenga 1.265 mpaka 1.280, ndipo chimodzi chikasiyana ndi zinzake ndi 0.050 kapena kuposerapo, batirelo latha. Kuliika pa tchaja yamphamvu kuti mwina lidzuke ndi njira imene mabatire ambiri amaphulikira, ndipo ife sitiona chifukwa choikira maso a munthu pachiswe pofuna kupulumutsa batire lakufa.

Kutentha kumawonjezera zonsezi. Batire lotentha limayamba kuwira pa magetsi otsikirapo, ndipo likamatentha limalandiranso maampu ambiri, amene amalitenthetsanso. Mabatire otsekeratu a AGM ndi a gel, amene ambiri amawaona ngati opanda ngozi, ndi amene amagwa msanga mu mzunguliro umenewu. Amabweza mpweya wake kukhala madzi akamatchajidwa pa mlingo woyenera, koma akapyoletsa valavu yake imatseguka n'kutulutsa haidrojeni ngati batire lina lililonse. Kumayiko ozizira kuli ngozi ina: batire lopanda mphamvu limaundana kuzizira kukafika pafupifupi −10°C, pamene lodzaza limapirira kupitirira −50°C, ndipo loundana silitchajidwa kapena kujampidwa lisanasungunuke.

Thirakitala ili ndi mavuto akeake, ndipo batire lake limazunzika kuposa la galimoto. Imagwira ntchito m'mizere ndi m'zibuluma tsiku lonse popanda masipuling'i oti achepetse kugwedezeka, ndiye batire losamangidwa bwino limadumphadumpha m'bokosi lake. Mapuleti amayoyoka msanga, zolumikiza za m'kati zimang'aluka, mitu imagwedera, ndipo nthawi zina mutu wa + umakhudza chivindikiro chachitsulo cha bokosilo. Fumbi ndi matope zimatseka mabowo opumira, mpweya n'kusowa potulukira. Fumbi lomwelo likanyowa ndi asidi pamwamba pa batire limasanduka njira ya magetsi pakati pa mitu iwiri, batire n'kumatha mphamvu lili chikhalire. Kenako thirakitala imaimikidwa miyezi ingapo kudikira nyengo yolima. Batire likakhala nthawi yaitali lopanda mphamvu, mapuleti amakutidwa ndi mchere wolimba wa sulphate umene susungunukanso. Tsiku loyamba ntchito, injini ikukana kulira, anthu akufulumira, ndipo batire lodwalalo amalipatsa tchaja yamphamvu kapena kulijampa ndi lole. Magetsi amene mapuleti akukana amasanduka kutentha ndi mpweya, m'bokosi lotsekeka, pafupi ndi miyendo ya woyendetsa.

Pa mathirakitala akale, musaganize kuti waya wa ethi, umene umalumikiza batire ku chitsulo cha thirakitala, ndi wa − nthawi zonse. Ford 8N, imene inapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1952, inali ya 6V ndipo mutu wa + ndi umene unkapita ku chitsulo cha thirakitala. John Deere 4020 ya dizilo yoyambirira inali ya 24V, ya mabatire awiri olumikizidwa m'njira yosokoneza ngakhale amakanika. Ambiri mwa makina otere anasinthidwa ndi eni ake m'kupita kwa zaka, choncho mtundu wa waya si umboni. Tsatani waya ndi maso mpaka pamene wamangidwa, ndipo werengani chizindikiro chodindidwa pa batire penipenipo. Mutu wa + umakhalanso wonenepa pang'ono kuposa wa −.

Pa malole ndi mathirakitala a 24V pali chizolowezi china chimene chimapha mabatire mwakachetechete, chotenga magetsi a 12V a wailesi kapena nyale pa batire limodzi mwa awiriwo. Batire lokokedwalo limakhala losadzaza nthawi zonse, pamene linzake limalandira gawo lalikulu la 28V ya alternator n'kumawira tsiku ndi tsiku. Zomwezo zimachitika mukaphatikiza batire latsopano ndi lakale, kapena a maampu osiyana. Mabatire a 24V amasinthidwa onse awiri pamodzi, ndipo 12V imatengedwa kudzera pa kachipangizo kotsitsa magetsi.

Tsopano za kamoto kamene timapanga ndi manja athu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene batire langomaliza kutchajidwa, chifukwa m'pamene mpweya wachuluka. Munthu akachotsa chopanira cha tchaja ili chiyakire, pamathetheka moto masentimita ochepa kuchokera pa bowo lopumira. Tchaja imazimitsidwa kaye ndi kuzulidwa kukhoma, n'kudikira mphindi zingapo kuti mpweya ubalalike, kenako m'pamene zopanira zimachotsedwa. Polumikiza, zopanira zimayamba, kuyatsa kumabwera pomaliza. Mlingo wabwino wotchajira ndi gawo limodzi mwa 10 la mphamvu ya batire, imene imalembedwa mu Ah: la 100Ah pa maampu 10, la 60Ah pa maampu 6. Malo akhale opita mphepo, makamaka kudenga kumene haidrojeni amakaunjikana. Batire likatentha moti dzanja silingakhalepo, pafupifupi 50°C, kutchaja kuime. Fodya, machesi, chopukusira zitsulo ndi makina owotcherera zisayandikire. Kusuzumira madzi a batire ndi machesi kapena laita kwachititsa anthu khungu, pomwe tochi ikanagwira ntchito yomweyo.

Sipanala nayo ndi yoopsa. Batire ndi la 12V chabe, silingagwire munthu, koma mitu yake ikagunditsidwa limatulutsa maampu mazanamazana, ngakhale kupitirira 1,000 pa batire lalikulu. Sipanala imene ili pa mutu wa + ikakhudza chitsulo cha galimoto imamatirira pomwepo n'kufiira. Mphete kapena wotchi yachitsulo imawotcha mpaka pafupa. N'chifukwa chake pochotsa batire mumayamba ndi waya wa ethi: sipanala ikakhudza chitsulo pamenepo palibe chimachitika, ndipo ethi ikachoka, mutu winawo sungathethekenso ndi thupi la galimoto. Poika, ethi imamangidwa pomaliza. Kiyi akhale atachotsedwa ndipo magetsi onse azimitsidwe, kuti waya womalizayo asathetheke. Kuyesa batire pogunditsa mitu yake ndi waya kuti muone moto, kapena kumenya chomangira cha pamutu ndi hamala kuti chigwire, ndi zizolowezi zoyenera kuzisiyiratu. Chomangira chogwedera chimachotsedwa, kutsukidwa ndi burashi ya waya ndi madzi a soda wophikira, n'kumangidwanso molimba.

Pojampa, choyamba ndi kuliyang'ana batire lakufalo. Ngati latupa, lang'aluka, likudontha, likununkha kapena madzi ake atsika pansi pa mapuleti, lisajampidwe. Mabatire onse akhale a mavolti ofanana: 24V ikalowa m'batire la 12V imaliwiritsa nthawi yomweyo. Magalimoto asakhudzane, onse akhale pa nyutirolo ndi handibuleki. Ngati ethi ndi ya −, waya wofiira umayambira pa + ya batire lakufa, kupita pa + ya batire labwino. Wakuda umayambira pa − ya batire labwino, ndipo mbali yake yomaliza imapanidwa pa chitsulo cholimba chopanda penti cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire ndi mapaipi a mafuta. Kulumikiza komalizaku kumathetheka pafupifupi nthawi zonse, ndiye cholinga ndi chakuti kuthetheke kutali ndi mpweya. Lizani galimoto yabwino, idikireni mphindi zingapo, kenako yesani inayo kwa masekondi osapitirira 10 mpaka 15, n'kupumitsa sitata musanayesenso. Pochotsa, yambani ndi waya umene munamalizira. Mawaya akasemphana, + kupita ku −, mabatire awiriwo amakhala ngati 24V yogunditsidwa yokha: mawaya amasungunuka, alternator ndi kompyuta ya injini zimapsa, ndipo batire likhoza kuphulika pomwepo. Pa ntchito yonseyi nkhope isakhale pamwamba pa batire, ndipo magalasi otetezera maso avalidwe.

Pa thirakitala tiwonjezerepo chimodzi, ngakhale sichikhudza kuphulika kokha. Kuliza injini pogunditsa mitu ya sitata ndi sikuludiraiva kumalambalala siwichi imene imaletsa thirakitala kulira ili m'giya. Wochita zimenezi amaima pansi, kutsogolo kwa tayala lalikulu lakumbuyo, ndipo thirakitala ikalira ili m'giya imamuponda asanasunthe.

Batire likaphulika, maso ndi amene amafuna changu. Asidi wa sulfuric amayamba kuwononga diso m'masekondi ochepa. Tsukani ndi madzi oyera ambiri oyenda, zikope zitatsegulidwa ndi zala, kwa mphindi zosachepera 20, ndipo wovulalayo apite kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Asatikite m'maso, chifukwa mukhoza kukhala tizidutswa ta pulasitiki, ndipo chidutswa chimene chalowa m'diso chisazulidwe. M'maso simuthiridwa soda, mkaka kapena mankhwala ena alionse. Zovala zonyowa ndi asidi zivulidwe, khungu litsukidwe ndi madzi ambiri kwa nthawi yofananayo. Soda wophikira ndi wa pa zitsulo ndi pansi: amawazidwa pamene asidi watayikira mpaka thovu litasiya, kenako n'kutsuka ndi madzi, osaiwala mawaya, mapaipi a mabuleki ndi pansi pa thireyi ya batire, pamene asidi amabisala n'kumadya chitsulo kwa miyezi. Zidutswa za batire zimatoledwa ndi magolovesi n'kuperekedwa kwa osonkhanitsa mabatire akale, chifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana.

Batire latsopano lisaikidwe n'kungonyamuka. Injini ikalira, ikwezeni pang'ono kufika pa 2,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), kapena pa liwiro logwirira ntchito ngati ndi thirakitala, n'kuyeza pa mitu ya batire, koyamba magetsi onse atazimitsidwa, kenako atayatsidwa. Mita ikapitirira 14.8V n'kukhala pomwepo, kapena 29V pa makina a 24V, chimene chinaphulitsa batire loyamba chikadalipo, ndipo regulator kapena waya wake wa ethi uyenera kukonzedwa galimotoyo isanabwerere pamsewu.